Anayang'ana Wotchi

Foni inaliranso ali mkati motulutsa mipando yobwereka ya pamaliro. Dokotala anatula iwiri imene ananyamula n'kupita kumapeto kwa khonde, chala atatseka nacho khutu linalo.

"Muwonjezereni mankhwala opha ululu. Ayi, musadikire ine. Mawa ndifika m'mawa."

Mlongo wake wamng'ono, makaniko, anaponya mpando m'galimoto mwamphamvu moti mwendo wa mpandowo unalira.

"Mawa? Bambo tawaika dzana, dothi silinaume n'komwe, inu mawa muli kuntchito?"

"Kulibe wina, mchimwene. Ukudziwa."

Zinali zoona. Madokotala a khansa pachipatala chachikulu chija analipo awiri, koma mnzake anasiya ntchito chaka chatha atadwala mutu wosatha ndi kusowa tulo. Anatsala yekha, ndi anthu odzaza mabenchi kuyambira m'mawa, aliyense atafumbata pepala lake, akumuyang'ana pakamwa. Koma makaniko analibe nazo ntchito za mabenchi. Iye nkhani yake inali ya wotchi.

Bambo awo, dalaivala wa malole wopuma pantchito, anamwalira ndi khansa ya m'chiwindi mu wodi ya mwana wawo yemweyo. Mpweya utatha, mayi anagwera pachifuwa cha mwamuna wawo, makaniko anagwira mapazi a bambo ake n'kulira ngati kamwana. Dokotala anaika zala ziwiri pakhosi pawo, anatembenuza mkono wake, anayang'ana wotchi, n'kutchula nthawi mokweza monga amachitira kuti namwino alembe. Atadzutsa mutu anakumana ndi maso a mlongo wake, ndipo kuyambira pamenepo mnyamatayo sanamutchulenso kuti achemwali.

Galimoto ya mipando itachoka, nyumba inati zii. Mayi anakhala pa sofa akupinda malaya a malemu. Makaniko anaima pakhomo la pabalaza, manja m'matumba.

"Adokotala, ndifunseko. Bambo anali nambala chani pa odwala anu?"

"Iwe, usayambe," anatero mayi.

"Ayi amayi, ndisiyeni ndilankhule, chindichoke pamtima. Ine ndinkawasambitsa, ndinkawanyamula kupita nawo kuchimbudzi, munthu wamkulu uja atapepuka ngati mwana. Awa ankangodutsa ndi jekete lawo loyera. Pamaliro ponse anthu akulira, awa m'maso gwa. Anthu mpaka kundifunsa kuti kodi ameneyu ndi mwana wa m'nyumba muno?"

Funsolo dokotala ankadzifunsa yekha ndipo linkamuopsa. Atangoyamba ntchito ankalira wodwala aliyense akamwalira. Ankadzitsekera m'bafa, kutsegula mpopi kuti anamwino asamve. Kenako anaphunzira kuuza mayi wa ana atatu kuti mankhwala akanika, n'kusamba m'manja, n'kuitana wotsatira. Ankadzinamiza kuti misozi akuisungira a kwawo. Tsiku la a kwawo litafika, anapeza mulibe kanthu.

"Dzanja linachita lokha," anatero motsitsa mawu. "Sindinaganize. Ndachita zimenezo kambirimbiri, mpaka dzanja linazolowera."

"Basi tsono. Dzanja lanu likudziwa ntchito, mtima ndiye munausiya kuti kaya. Mukachoka mawa, muzingopita. Amayi ndiwasamala ndekha, ndinazolowera. Koma musadzabwerenso muno n'kumati muli ndi mlongo."

Mawuwo analowa. M'banjamo anabadwa awiri okha, ndipo mnyamata ameneyu anamubereka kumsana yekha ali wakhanda. Koma kutsala sakanatha. Mawa kunali mtsikana woyamba mankhwala, kunalinso bambo wina woti auzidwe zotsatira zoipa, ndipo woti akawauze panalibe wina.

"Mwezi wathunthu ali mu wodi yanu," anapitiriza makaniko, "munacheza nawo liti?"

"Ndinkabwera masana alionse ndikamaliza kuzungulira odwala. Ndinkawapeza akugona."

"Masiku onsewo? Munkachita kusankha nthawi."

"Ndinkafuna kulankhula nawo!" Mawu ake anakwera koyamba. "Ukuganiza kuti sizikundipweteka? Ndinali ndi zambiri zoti ndiwauze. Ndikafika, maso tseke. Ndinkangokhala pampando paja n'kumawayang'ana."

Mayi anaseka. Kanali kaseko kouma, kosayenera m'nyumba ya maliro, moti ana onse awiri anatembenuka.

"Akugona? Bambo wanu uja?" Anayala shati pamwendo n'kuyamba kumanga mabatani ake limodzilimodzi. "Munakulira m'nyumba muno nonse. Munthu uja akagona, mkonono wake unkakhala ngati lole yodzaza ikukwera phiri. Ine zaka zonsezi ndagona ndi pilo kumutu. Mu wodi muja odwala anzake ankachita kudandaula kwa anamwino. Tsono iwe mwana wanga, masana onse aja, unamvapo mkonono?"

Dokotala anapukusa mutu, ndipo mayi anapitiriza.

"Ankazindikira nsapato zako zikadali kutali mukhonde. Ankangoti, 'Uyo akubwera, mayi, ndifunditseni,' basi maso tseke. Ndinawafunsa kuti bwanji mukumunamiza mwana. Akuti, 'Akandipeza ndili maso ayamba kundiyeza, kundifunsa za ululu, kuwerenga mapepala ali chiimire. Akandipeza ndikugona akhala pansi. Chipatala chonse chino palibe amamulola kukhala pansi.'"

"Ndinkangokhala pang'ono," anatero dokotala.

"Unkagona, mwanawe. Ukangotsamira khoma, mutu khoba, pakamwa yasa ngati uli ku pulayimale. Pamenepo iwo ankatsegula maso n'kumakuyang'ana. Namwino akabwera kudzakuitana, ankamuopseza ndi maso mpaka abwerere. Ukadzidzimuka, iwo atseka kale."

Makaniko anatulutsa manja m'matumba.

"Bwanji simunatiuze?"

"Anandiletsa. Iwe unkabwera madzulo ukaweruka, sunaone." Mayi anapinda shati ija n'kuiika pamwamba pa zinzake. "Sabata yomaliza ululu unkawagwira nthawi yomweyo ya masana, jekeseni wa m'mawa akatha mphamvu. Ankaluma ngodya ya bulangete kuti asabuule. Thukuta kamukamu. Ndinkati ndikaitane namwino, iwo ankandigwira dzanja. Ankati mlongo wakoyu adzuke kaye."

Dokotala anadziwa bwino kukula kwa ululu umenewo. Ankaudziwa kuposa onse m'chipindamo, chifukwa ndi umene ankathamangira kuuziziritsa mwa anthu a eni tsiku ndi tsiku. Bambo ake anaupirira pafupi penipeni, iye ali mtulo. Anamva chisoni ndi manyazi, komanso mkwiyo pang'ono pa mdala wouma mutu uja, amene sanamupatse mpata ngakhale wotsanzika. Anadikira kuti misozi ibwere. Sinabwere.

"Amayi, ndatopa," anatero. "Ndatopa kwambiri, ndipo sindikudziwa ngati ndidzathenso kulira."

"Kulira sikuthawa," anayankha mayi. "Khala pansi."

Malo okhala anatsala amodzi, mpando wakale wa bambo wa pafupi ndi windo, wobooka pokhalira. Dokotala anakhalapo akuti angopumira pang'ono, kenako akalongedze chikwama. Makaniko anatuluka. Panja panamveka akukoka matebulo, akusesa, akuchita phokoso la munthu amene sakudziwa choti achite ndi manja ake.

Atabwerera m'nyumba anapeza mlongo wake mutu wagwera paphewa, pakamwa pali potsegula. Anaima n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Anaona imvi zimene sanazionepo, ndi khungu la m'manja losweka ndi sopo wa kuchipatala. Mkwiyo unali usanathe, koma unasowa pogwira.

"Odi kuno!" anafuula munthu kugeti. Anali mnzawo wa malemu wa ku malole, wa mawu ngati hutala, amene anali kuulendo tsiku la maliro. Anabwera chothamanga, chipewa m'manja, atayamba kale kulira mokweza.

Makaniko anafulumira kukamuchingamira pakhonde. Anakoka chitseko pang'onopang'ono kuti chisalire, anamugwira mkuluyo paphewa, n'kuika chala pamilomo.

"Pepani bambo, tikhale panja pompano," ananong'ona. "Achemwali akugona."