Mavu Osaluma a Mayi Tsache

Nsomba za Mayi Tsache zinakana kukula. Mvula inabwera n'kupita, koma zinali zidakali ngati zala, mitu ikuluikulu, matupi owonda. Chakudya cha nsomba chakusitolo chinali chitakwera mtengo, moti mayiwo ankangothira gaga m'dziwe lawo kuseri kwa nyumba. Madzi anayamba kununkha, ndipo m'mawa wina anapeza zingapo zikuyandama, mimba kumwamba.

"Amayi, dziwe ili latikwana," anatero amuna awo. "Zikapanda kukula ulendo uno, ndilikwirira tidzalepo nthochi."

Mawuwo anawabaya mumtima, chifukwa dziwelo analikumba okha ndi khasu mpaka manja kuchita matuza.

Dzina loti Tsache anawapatsa ndi aneba chifukwa cha ukhondo. Pakhomo pawo ngakhale ntchentche inkatera mopepesa. Ndiye tangoganizani nkhope imene anapanga pamene alangizi a za nsomba anawauza kuti ayambe kuweta mphutsi.

"Mphutsi? Pakhomo panga pano? Alangizi, ndakulakwirani chiyani?"

Alangiziwo, mayi wosachedwa kuseka, anagwira m'mimba. "Gaga amangokhutitsa, mayi, ndipo wotsala ndi amene akuwola m'madzimo. Nsomba imafuna chakudya chomanga thupi. Chakusitolo chija amaikamo tinsomba togaya, ndiye kuti tikupha nsomba kuti tidyetse nsomba. Mphutsi izi ndi za ntchentche yakuda, osati yakuchimbudzi ija. Zimadya makoko a zipatso ndi masamba otsala."

Mayi Tsache anavomera, koma ndi manyazi. Bokosi la mphutsi analibisa kuseri kwa khola la nkhuku ndipo amuna awo sanawauze. Mphutsi zinanenepa, zina n'kusanduka ntchentche zoti ziikire mazira ena.

Tsono bambowo anali ndi mbiri ndi mavu. Anawalumapo mpaka diso kutsekeka, ana n'kumawathawa. Ataona tizilombo takuda, tatitali, tikuzungulira pakhola, anangoti ndi mavu, sanafunse munthu. Anathamangira mankhwala opopera.

Mayi Tsache anawapeza akupukuta thukuta monyadira. "Ndawatha onse, amayi! Ndakupulumutsani."

"Mayo ine! Mwandiphera chakudya cha nsomba!"

Anakhala pansi n'kulira, ndipo nkhani yonse inatulukira pomwepo. Bambowo anangoti kukamwa yasa, chopopera chili m'manja.

Alangizi anabwera ndi mphutsi zina m'chidebe, pamodzi ndi ntchentche zake. "Zopoperedwazo mukwirire, poizoni asafike kwa nsomba," anatero. Kenako anaika ntchentche imodzi padzanja la bambowo. Iwo anatseka maso, kudikira ululu. Kanthu kaja kanangoyendayenda n'kuuluka.

"Ilibe mbola, bambo, ndipo siikonda kulowa m'nyumba."

"Ndiye ndapha antchito anga omwe," anatero bambowo akukanda mutu.

Kuyambira pamenepo Mayi Tsache ndi amuna awo anagwira ntchito limodzi. Mphutsi zikakula ankazitsuka, kuziviika m'madzi otentha, kuziyanika padzuwa, kenako kuzisinja n'kusakaniza ndi gaga ndi soya wokazinga. Ankathira pang'onopang'ono, chongokwanira kuti nsomba zimalize. Fungo linatha, ndipo nsomba zinayamba kulimbirana chakudya madzi kuchita phokoso.

Tsiku lokolola ukonde unakana kutuluka. Anachita kuitana aneba kuti athandize kukoka. Utafika kumtunda, anthu anakuwa. Nsomba zinali kuphiriphitha, zonenepa, zonyezimira, ina mpaka inamenya bambowo kumaso.

"Izi mwazidyetsa chiyani?" anafunsa mneba wina, beseni lili m'manja.

Mayi Tsache, amene kale akanabisa nkhope, anayankha mokweza kuti onse amve: "Mphutsi! Bwerani ndikuonetseni bokosi lake."

Nthochi zija bambowo anadzaladi, koma m'mphepete mwa dziwe, kuti makoko ake azidyetsera mphutsi.

Chakudya chakusitolo chikadula, musathamangire kukwirira dziwe. Funsani alangizi, chifukwa chakudya chabwino cha nsomba chingachokere pa zotsala za pakhomo panu. Ndipo mukayamba, uzani a m'nyumba mwanu, asanatenge chopopera.