Kalata ya Filomena

Patangotha chaka chichitikire chisankho cha matipate, kampani ina yogulitsa mbewu inafika pa Malomo ndi kompyuta. Aliyense wogula ankalembedwa dzina, mudzi ndi kukula kwa munda wake. Mayi Faines Kachigamba anali asanaiwale masiku a makhadi a chipani, choncho anafunsa kalaliki kuti mainawo akupita kuti.

"Satuluka m'makina muno, mayi. Ndi lamulo lathu," anatero kalalikiyo.

"Nanga lamulo lanulo amalilondera ndani?"

Kalalikiyo anangoseka. Mayiwo zinawanyansa, ndipo analembetsa dzina la Filomena, lomwe analandira kutchalitchi pa sakramenti la Ulimbitso, loti ngakhale amuna awo sankalidziwa.

Makalata a m'mudzi mwawo ankadzera ku parishi, ndipo akatekisiti ankaitana eniake Misa ikatha. Patapita miyezi itatu anaitana kuti, "Filomena Kachigamba!" Anthu anangoyang'anana. Mayi Faines anaimirira n'kukalandira kalatayo. Inachokera ku kampani ina ya mankhwala a fodya ku Lilongwe, ndipo inatchula maekala awo awiri osaphonya.

Lolemba analawirira ku Malomo n'kuitambasula pamaso pa kalaliki uja.

"Bambo inu, Filomena ameneyu ankamudziwa ndi Mulungu, Ambuye Episkopi ndi makina anuwa basi. Tandiuzani, mwa atatuwa wamiseche ndani?"