Magazi a m'Galimoto ya Malemu Gilford

Patatha masabata atatu chiikire m'manda mwamuna wake Gilford, Jemima adadzuka m'mawa n'kupeza amayi asanu ataima pageti pake ku Kawale. Sankayang'ana iye ayi. Ankasuzumira pansi pa galimoto.

Galimotoyo idali yoyera, ya ku Japan, yopanda kilatchi, zija amati otomatiki. Malemuyo adaigula atapuma ntchito ku Kanengo, ndipo Loweruka lililonse inkanyamula akwati itavekedwa maliboni. Ana anayi a pakhomopo ankadyera yomweyo. Tsopano pansi pake, pasimenti, padali kadziwe kofiirira.

"Ndi magazi amenewo," adatero make Lonely, wa nyumba yoyandikana. "Ife timadabwa kale kuti a Gilford galimoto adaipeza bwanji."

"Adaipeza bwanji? Munthu zaka makumi awiri akupuma fumbi la fodya inu mukusenda mtedza pakhonde, lero muziti adaipeza bwanji? Chokani pageti panga," adayankha Jemima.

Adachoka, koma nkhani adapita nayo. Chidali chaka chija mbiri ya anamapopa ili mkamwamkamwa, ngakhale wonyamula juwisi wofiira ankayang'anidwa kawiri. Pofika masana, banja limene lidalankhulira galimotoyo ukwati lidatumiza mawu oti lapeza ina.

M'mawa mwake adatulukira a Laws, mkulu wawo wa malemu, kuchokera ku Mitundu. Pamaliro munthu ameneyu adalira pang'ono, koma nsapato za malemu adatenga zonse, ngakhale zomuthina.

"Alamu, ndabwera kudzakupulumutsani," adatero atakhala pampando osauzidwa. "Mng'ono wanga galimotoyi adaikhwimira. Panopa ikutaya magazi akale. Akatha ifuna ena, ndipo m'nyumba muno muli ana. Loweruka ndibwera ndi abale, mudzatipatse makiyi ndi bulubuku, tipite nayo kumudzi akaikonze akuluakulu."

Jemima sadawathirire ngakhale tiyi. A Laws atangotuluka, iye adamanga chitenje n'kuyenda wapansi mpaka ku Biwi, kumene magalaji ali ndandanda pansi pa mitengo. Adapeza a Abasi, makaniko wa ku Mangochi amene ankakonza galimotoyo, ali chagada kunsi kwa minibasi. Adawafotokozera za kadziwe kofiirira kaja.

"Ikamaikidwa giya imachedwa kunyamuka?" adafunsa a Abasi osatuluka.

"Umawerenga mpaka faifi, kenako imadzidzimuka ngati yamenyedwa mbama."

"Malemu ndidawauza chaka chatha. Oilo wa giyabokosi ya otomatiki ndi wofiira, mayi. Amasinthidwa pakatha makilomita zikwi makumi anayi kapena asanu, kapena ukaona wayamba kuda n'kumanunkha chopserera. Iwo ankangoti mawa. Pamenepo gasiketi, kamphira kotchinga oilo kuti asatuluke, yathanso, ndiye kudonthako. Bwerani nayo."

"Sibwera kuno. Mubwere ndinu, Loweruka, dzuwa lili pamutu. Ndikufuna chitsiru chilichonse cha m'Kawale chione ndi maso ake."

Loweruka Jemima adatsegula geti lonse n'kuyala mabenchi ngati pali chinkhoswe. A Laws adafika ndi abale atatu, pakati pawo mlongo wawo Tionenji, amene nyumba yake ku Mitundu idagundana ndi yawo. Anthu adadzaza mpaka kumsewu.

A Abasi adayamba aliza injini kwa kanthawi, akuti oilo wozizira amatuluka mwaulesi. Atazimitsa adakweza galimoto ndi jeke, n'kuikhazika pa zitsulo, n'kulowetsa beseni kunsi. Atamasula bawuti, mudatuluka zinthu zakuda mofiirira ngati tiyi wa dzana. Jemima adanyamula besenilo n'kumazungulira nalo benchi ndi benchi.

"Nunkhizani. Inu make Lonely, mphuno muli nayo yaitali, nunkhizani. Magazi amanunkha chonchi?"

"Magazi akagonera amada," adatero make Lonely atatseka mphuno. Amayi ena adavomera ndi mitu.

A Abasi adamasula sampu, chimbale chachitsulo cha pansi pa giyabokosi, n'kuonetsa anthu gasiketi yong'ambika. Adatsuka chimbalecho, adapukuta utuchi wa chitsulo umene udakakamira pa maginito, adaika fyuluta ndi gasiketi zatsopano, n'kumanga mabawuti mofanana kuzungulira. Jemima mtima udayamba kukhala pansi. Ntchito yooneka chonchi, wamisala yekha ndiye angakane.

Kenako a Abasi adatsitsa galimoto, adatsegula boneti, n'kudula chitsekero cha botolo latsopano. Adaika fanelo pakamwa pa kapaipi koyezera n'kuyamba kuthira. Oiloyo adali wofiira psuu, wowala padzuwa.

Benchi lakutsogolo lidasamuka lonse. Mayi wina adakoka ana ake awiri. Mkulu wina adavula chipewa.

"Akuimwetsa atsopano," adanong'ona make Lonely mokweza. "Masanasana, ife tikuona."

A Abasi adakweza botolo kuti anthu awerenge zolembedwapo.

"Kulemba aliyense amalemba," adayankha wina kumbuyo.

"Anthu inu," adatero a Abasi, "ine ndine Msilamu. Magazi a nkhuku yomwe sindidya, ndiye ndiziyenda ndi a munthu m'chikwama?"

Palibe adaseka. A Abasi adapukusa mutu n'kupitiriza ntchito yawo. Adaliza injini, adaponda buleki, n'kumalowetsa magiya onse limodzilimodzi kuti oilo ayende paliponse. Injini ikulira choncho adasolola kachitsulo koyezera, adapukuta, adabwezera, n'kusololanso. Adaonjezera pang'ono, akuti wochuluka amaononga chimodzimodzi ndi wochepa.

Jemima adaima pafupi ndi beseni, makutu akutentha. Iye mwini ndiye adaitana anthu, iye mwini ndiye adayala mabenchi, ndipo tsopano Kawale yense waona galimoto yake ikumwa.

A Laws adaimirira mwaulemu ngati mkulu wa mpingo, n'kutambasula dzanja.

"Mwaona nokha abale. Alamu, makiyi."

Jemima adazimitsa injini, adazula makiyi, n'kuwalendewetsa m'mwamba.

"Tengani alamu. Koma dikirani. A Abasi, auzeni anthuwa, yamwa angati?"

"Malita anayi."

"Mwamva nonse. A Laws akuti ndi magazi, ndipo a Laws omwewo akuifuna. Ine ndingofunsa. Ku Mitundu malita anayi mukawatenga kuti? Muli ndi ana asanu ndi awiri alamu. Muyamba ndi uti? Kapena muyamba ndi a mlongo wanu, poti ali pafupi?"

Tionenji adaimirira pang'onopang'ono, akumanga mpango.

"Achimwene, chinthuchi kwathu chisafike."

"Iwe khala pansi."

"Sindikhala. Inu m'basi monse muja mumangokamba za matayala ake, kuti ndi atsopano. Munthu woopa magazi amayang'ana matayala?"

Makosi onse adatembenuka. Anthu a ku Kawale sasamala kuti mfiti ndi ndani, bola ipezeke tsiku lomwelo.

"Zoona," adatero make Lonely. "Munthu wabwinobwino galimoto yotere angaifunirenji? Ndiye kuti kadyetsedwe kake akukadziwa."

Anyamata a kumsewu adayamba kusendera kugeti. A Laws adayang'ana getilo, adayang'ana anyamatawo, dzanja lija n'kulibweza m'thumba.

"Ndi oilo uyu," adatero. "Ndani sadziwa kuti ndi oilo."

"Kwezani mawu alamu, kumsewu sadamve."

"Ndati ndi oilo. Galimoto zonse za otomatiki zimathiridwa wofiira. Ndinkayendetsa ya bwana wanga ku Area 10 zaka zitatu, ndikudziwa."

"Ndiye akuluakulu a kumudzi akakonza chiyani?" adafunsa Jemima.

A Laws adati akufulumira basi. Abale awiri aja adawatsatira chapatali.

A Abasi adati galimoto iyenera kuyendako pang'ono, oilo atenthe, ayezenso. Jemima adakhala pachiwongolero, Tionenji pambali pake. Make Lonely adati iye sangakwere, koma atamva kuti adutsa kumsika, adatsegula yekha chitseko chakumbuyo n'kutsitsa galasi kuti anzake amuone. Jemima adaika giya, galimoto idanyamuka pompo, ndipo adailiza hutala kuchokera pageti mpaka pakhomo pa banja lija lidati lapeza ina.