Besi ya Kenan

Hudson Mwalwanda anali mlangizi wa zaulimi kusikimu ya mpunga ku Hara, koma anthu ambiri ankamudziwa chifukwa cha magitala. Loweruka lililonse masana ankakhala pakhonde la kuseri, besi, gitala ya mawu a pansi ija, ili pamiyendo, akupala penti yakale ndi sandipepala mpaka fumbi litamuyeretsa nsidze. Makwaya a m'mipingo ankamubweretsera mabesi osuluka ndi okandika, iye n'kuwapenta, kuwapaka vanishi, kuwaika nsambo zatsopano, n'kuwaimba kaye sabata yathunthu asanawabweze kwa eni ake. Mkazi wake Tusekile ankati bola mitala, chifukwa mkazi mnzako amasesa yekha fumbi lake.

Tsiku lina Hudson anapita pa Uliwa kukagula sandipepala ndi tina wosungunulira penti. Ankagula mushopu ya a Twaibu, bambo a ku Mangochi amene ankagulitsa chilichonse, kuyambira misomali mpaka mabatire a wailesi. Atamukulungira katundu, a Twaibu anati adikire pang'ono. Analowa kuchipinda n'kutulukako ndi besi yakuda bii, yopanda nsambo, lamba wake ali lende.

"Achimwene, iyi ndi yanu. Tengani."

"Yanga bwanji, a Twaibu?"

"Mwini wake wanena kuti ndikupatseni inuyo. Tengani, makasitomala akudikira."

Mushopumo munalibe kasitomala wina. Hudson anafuna kufunsa zambiri, koma a Twaibu anali atatembenuka kale, akukonza zitini za nsomba zimene zinali zokonzeka bwinobwino pashelefu. Hudson anamanga besiyo kumbuyo kwa njinga yamoto n'kubwerera ku Hara.

Loweruka anayamba kuipala. Penti yakudayo inali yopentera zitseko, yopakidwa ndi bulashi mwaukali, mizere ili mbwee. Itayamba kuchoka, pansi pake panaoneka buluu wotuwirako, wokhala ngati wathiridwa kobiriwira pang'ono. Hudson anasiya kupala. Anapukuta malowo ndi chala chonyowa, n'kutembenuza besiyo. Kumbuyo, pafupi ndi pokolekera lamba, anapala mosamala mpaka anapeza chimene ankachiopa: kamzere ka penti yoyenderera, kouma ngati msozi.

Anali iyeyo amene analakwitsa pamenepo, zaka makumi awiri zapitazo, pa besi yoyamba imene anapentapo. Inali ya mkulu wake Kenan.

Tusekile anamupeza atakhala duu, sandipepala ili pansi.

"Bambo a Khumbize, mwadwala kodi?"

"Tayang'ana ichi."

Mayiyo anayang'ana buluu uja n'kugwira pakamwa. "Si ya alamu iyi?"

Nkhani ya Kenan sankaikamba m'nyumbamo. Kwawo ku Iponga, Kenan ndiye ankaimba besi m'kwaya ya tchalitchi, ndipo ndiye anaphunzitsa mng'ono wake kugwira nsambo. Atayamba kumwa, akuluampingo anamuimitsa n'kupempha Hudson kuti alowe m'malo mwake. Hudson anavomera tsiku lomwelo, osayamba wakalankhula ndi mkulu wake. Lamulungu limenelo Kenan anakhala kumpando wakumbuyo mpaka mapemphero anatha. M'mawa mwake anatenga penti ya zitseko, n'kufafaniza buluu yense wa mng'ono wake, n'kuwoloka mtsinje wa Songwe kupita kunja, ku Mbeya. Sanalankhulanenso. Patapita zaka, kunabwera uthenga wa maliro. Hudson yemweyo ndiye anakatenga mtembo, anauona nkhope, anaunyamula mpaka kumanda ku Iponga. Zimenezi zinachitika zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo besiyo sinapezeke pa katundu wa malemuyo.

Lolemba nthawi ya nkhomaliro anathamangira pa Uliwa.

"A Twaibu, ndiuzeni zoona. Gitala ija anakusiyirani ndani?"

A Twaibu anausa moyo n'kutseka chitseko cha shopu mbali imodzi. "Munthu ndithu. Anabwera chaka chimene ndinasamukira muno, zaka zitatu zapitazo. Anati, sungireni, ndidzanena wodzatenga. Chichewa chake chinali cha kwanu kuno, chosakaniza ndi Chinkhonde."

"Zaka zitatu? Mwina mwaiwala, ndi khumi."

"Zaka khumi zapitazo ndinali ku Makanjira, achimwene, Karonga ndisakumudziwa n'komwe."

"Nanga ankaoneka bwanji?"

"Ali ndi chipsera apa, chodula nsidze pakati. Akamalankhula amagogoda tebulo ndi zala ziwiri." A Twaibu anagogoda kauntala ndi chala cholozera ndi chapakati, mosinthanasinthana, monga mmene woimba besi amakodolera nsambo.

Hudson anakhala pathumba la mchere. Chipsera chimenecho chinali cha Kenan.

"Anabweranso sabata yatha," anapitiriza a Twaibu motsitsa mawu. "Malaya omwe aja, achimwene. Dzuwa lili pamutu, aliyense thukuta kamukamu, koma iye wouma gwa. Anati, mukampatse mlangizi wa ku Hara, iyeyo akudziwa zili pansi. Ndinawerama kuti nditenge cholembera, podzuka kunalibe munthu. Ndinafunsa amayi ogulitsa nthochi pakhomopa, anati sanaone aliyense akulowa kapena kutuluka. Ine ndine munthu wopemphera, zinthu zoterezi sindizifuna mushopu mwanga."

Hudson sanauze a Twaibu kuti munthuyo anali ndani. Anangoti zikomo n'kutuluka.

Kunyumba Tusekile anati aitenthe, kapena apite nayo kwa abusa. Hudson anakana zonse ziwiri.

"Akadafuna kundichita choipa sakadadikira zaka zonsezi. Wanditumizira ntchito. Ndiigwira."

Anagwira ntchitoyo milungu itatu. Anachotsa penti yakuda yonse, pang'onopang'ono, kuti asawononge thabwa. Pakhosi pa besiyo anapeza malo osalala pamene chala chachikulu cha Kenan chinadyapo, ndipo sanawakhudze. Chovuta chinali mtundu. Anasakaniza buluu, yoyera ndi yobiriwira kasanu konse m'zitini za mkaka, koma sizinkafanana. Ulendo wachisanu ndi chimodzi, akutakasa ndi kamtengo, anamva fungo la fodya wopichira, wa mtundu umene Kenan ankasuta. Pakhomopo panalibe wosuta. Nkhuku zimene zinkapalasa pabwalo zinaima zonse, makosi ali m'mwamba, zikuyang'ana mpando wopanda munthu umene unali pambali pake. Hudson sanatembenuke. Anadontheza kobiriwira kamodzi kokha, n'kutakasa, ndipo mtundu unakwana ndendende.

"Ndi umenewu eti, achimwene?" anafunsa m'Chinkhonde, maso ali m'chitini.

Patapita kanthawi nkhuku zinayambiranso kupalasa.

Anapopera penti katatu, vanishi kawiri, ndipo ulendo uno sipanayenderere paliponse. Atamanga nsambo zinayi zatsopano n'kuzichuna, sanaimbe ngati mmene ankachitira ndi mabesi ena. Lachinayi m'mawa anatulutsa mpando uja pakhonde la kumaso, anakhazikapo besiyo, n'kuima pang'ono chipewa chili m'manja.

"Ndinalakwa. Ndikadayamba ndabwera kwa inu. Nayi gitala yanu."

Atatero anakwera njinga n'kupita kusikimu.

Pobwera cha m'ma thuu koloko, anapeza Tusekile atakhala panja pa mpanda, kumsewu, pamthunzi wa mtengo wa mango, chitenje atafunda kumutu ngakhale kunali kotentha.

"Sindinalowe m'nyumba chichokereni inu," anatero. "Ndimayanika mpunga kuseri. Dzuwa litafika pamutu, ndinamva ikulira. Sipika ili m'chipinda, magetsi anazima m'mawa, koma inkamveka mpaka m'chifuwa muno. Nyimbo ija ankaimba alamu popereka zopereka. Anaimba yonse, mpaka kumapeto."

"Unawaona?"

"Ndikaone chiyani? Ndinazungulira kumunda n'kutulukira kuno."

Analowa mumpanda onse awiri, Tusekile atagwira malaya a mwamuna wake kumbuyo. Besi inali pampando pomwe paja, ikunyezimira. Pansi panalibe mapazi a munthu. Hudson anainyamula n'kuikoleka paphewa, ndipo inatsika mpaka m'ntchafu. Lamba anali atatalikitsidwa mabowo atatu. Kenan anali wamtali kuposa iye, ndipo ankakonda besi yolendewera pansi. Nsambo zinali zofunda ngati wina wangozisiya kumene.

Hudson analira ali chiimire, kulira kumene kunamukanika pamaliro paja. Tusekile anamusiya alire, kenako anakatenga madzi m'kapu n'kumupatsa.

Loweruka lotsatira anakwera minibasi onse awiri kupita ku Iponga, besi ili pamiyendo, atayikulunga m'chitenje. Analambula manda a Kenan, amene anali atamera udzu wofika m'chiuno, ndipo Hudson anafotokozera mlongo wake Yunike zonse, osabisa kanthu. Yunike anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti gitalayo isabwererenso ku Hara. Anaipereka kukwaya ya tchalitchi chakwawo, ndipo mtsikana amene amaimba besi kumeneko masiku ano ndi amene akuigwiritsa ntchito.

A Twaibu akuti munthu uja sanabwerenso. Komabe anasintha malo a kauntala, kuti azikhala choyang'ana kukhomo.