Musakhudze Mpopi Wathu

Basi inamutsitsa Sipanala mdima utagwa kale. Tauni yachilendo. Kutali uko, pamwamba pa chitsulo chachitali cha kampani yokumba mafuta, moto unali lawilawi, kufiiritsa mitambo. Koma mumsewu munalibe nyali ngakhale imodzi. Anapunthwa pa dzenje, natukwana, nasendeza chikwama cha zitsulo paphewa.

Dzina la Sipanala analitola pa ntchito yake yokonza mipopi. Sankakhalitsa tauni imodzi. Ulendo uno anabwera kwa mlongo wake wamkulu, wogulitsa masamba pamsika, atamva kuti kuno ndalama za mafuta zikuchita kusefukira.

Nyumba anaipeza potsata phokoso. Azimayi anadzaza pabalaza, ena pamipando, ena atakhalira ndowa. Pakati pawo panali bambo wina wadazi, wovala yunifolomu ya ulonda. Onse ankamukalipira.

"Mbava iwe! Zinyalala zatifika m'khosi, iwe uli phee!"

"Chimutu ngati dzungu!"

Bamboyo ankangomwetulira, atatsinzina, ngati akumva nyimbo ya paunyamata wake.

"Achemwali," anatero Sipanala atalonjerana ndi mlongo wake, "munthuyu walakwanji?"

"Palibe. Awa ndi aTikiti. Tinawasowa kwambiri."

Anamukhazika pa kreti, namupatsa tiyi, namufotokozera. Kale aTikiti ankadula matikiti a msonkho pamsika. M'mawa uliwonse azimayi ankawapatsa msonkho ndi mwano pamodzi. Mwanowo aTikiti ankakautula kukhonsolo. Chimbudzi chikadzaza, mawa lake galimoto yopopa inkafika. Mafuta atapezeka, khonsolo inati zakwana, msonkho watha. Anthu anavina mumsewu. ATikiti ntchito inawathera, nakalowa ulonda kukampani. Kenaka mpopi wa pamsika unauma.

"Tinapita kukadandaula," anatero mlongo wake. "Bwana wa khonsolo anatilandira bwino zedi. Zakumwa zozizira, matisheti a nkhope yake. Akuti, 'Amayi, msika waulere, mukufunanso chiyani?' Tinabwerako titavala nkhope yakeyo pachifuwa. Mpopi mpaka lero umatuluka mphepo. Masamba anga amafota dzuwa lisanafike paliwombo."

"Chisankho chikafika amabweranso ndi matisheti ena," anawonjezera mayi wogulitsa mazira, wa thupi lodzaza mpando. "Ine ndili nawo okwana kufunda banja lonse."

Sipanala anaseka. Anakoka chikwama, natsegula zipi.

"Mpopi basi? Nditengereni kumeneko. Utuluka madzi tiyiyu asanazizire."

Mayi wa mazira anadzuka, nayenda pang'onopang'ono, nakhalira chikwamacho. Zitsulo zinalira m'kati.

"Amayi, zimenezo ndi zida zanga!"

"Ndazimva, mwanawe. Zikubaya."

"Ukakhudza mpopi umenewo ndikuthyola zala," anatero mlongo wake. "Ndinakubereka kumsana, ndimadziwa pokugwira."

"Koma achemwali, mukufuna madzi kapena ayi?"

"Tikuwafuna. Nanga ukakonza iwe, a khonsolowo adzabweranso liti? Mawa ngalande, mkuja chimbudzi. Iwe pamenepo uli tauni ina, ukuseka ndi atsikana a eni. Ife tikufuna munthu woti tizimugwira kolala."

Ndiye anamuuza zonse. Mawa lake m'mawa ankafuna kupita kukhonsolo, msika wonse. Kukapempha kuti msonkho ubwerere, ndi aTikiti omwe.

Sipanala anatsala pang'ono kutsamwa ndi tiyi. "Ndayenda ine. Ndaona anthu akuthawa msonkho, kudumpha mipanda, kubisala m'chimbudzi. Koma wokaupempha?"

"Sunafike kuno," anatero mayi wa mazira.

Panatsala chinthu chimodzi. Popanda aTikiti kutsogolo, akanakalandiranso matisheti basi. Maso onse anatembenukira kwa bambo wadazi uja. Kumwetulira kunali kutatha. Ankapotokola chipewa m'manja.

"Amayi anga, kukampani akakamva kuti ndinatsogolera gulu, yunifolomu iyi ndavula. Kumene kuja kuli mpando wofewa. Kuli fani."

"Nanga moni aliko?" anafunsa mlongo wa Sipanala.

ATikiti anapukusa mutu. "Ndimatsegula geti, galimoto ilowa, magalasi otseka. Nditseka geti. Tsiku latha. Palibe wondipatsa moni. Ngakhale wonditukwana, ayi."

"Ndiye ivule lero lomwe," anatero mayi wa mazira. "Siikukukhala n'komwe. Ukuoneka ngati thumba la makala lomwe anyamula mvula ikugwa."

ATikiti anayamba ndi mapewa kugwedezeka. Kenaka chiphwete chinaphulika, misozi chuchuchu m'masaya. Anamenya chipewa pabondo.

"Thumba la makala! Mayi iwe sunasinthe! Chabwino. Ndipita."

Nthungululu zinang'amba denga. Wina anayamba kuomba ndowa. Anamukoka Sipanala kuti avine, navina, diso lili pa chikwama. Pogona mlongo wake anachitenga, nachilowetsa kuchipinda kwake, nakhoma chitseko.

Kunja kusanayere bwino lole ya mkulu wina wonyamula kabichi inali pakhomo. Azimayi anakwera, aliyense ndi ndowa yopanda kanthu. ATikiti anakhala kutsogolo, atavala jekete lawo lakale, lothina pamimba.

"Chikwama changa, achemwali. Ndikufuna ndikayese mwayi kukampani."

"Uchipeza tikabwerako. Kwera."

Anakwera. Lole inadutsa pamsika. Sipanala anauona mpopi uja, uli chilili pakati pa mabenchi. Chapafupi nthaka inali yonyowa, udzu wobiriwira utamera m'kamzere. Paipi yong'ambika basi. Ntchito yotha ndudu imodzi isanathe. Zala zinamuyabwa. Anakweza mwendo kuti adumphe.

Dzanja linamugwira lamba kumbuyo.

"Khala pansi," anatero mlongo wake, namuika ndowa pamiyendo. "Manja akuyabwawo aombe apa."

Anaomba. Poyamba monyinyirika. Pofika pamphambano anali atapeza kaombedwe kake, azimayi akuyankha, ndowa zonse zikulira. Alonda a pageti la kampani anatuluka m'kanyumba kawo kudzaona. ATikiti anatulutsa mutu pawindo, nawabayibitsa ndi manja onse awiri, lole ikukhotera ku msewu wa kukhonsolo.