Galimoto ya Asewele Yokana Zitunda

Ndakhala ndikukonza magalimoto kuno ku Yeongdeok kuyambira tsitsi lili bii, ndipo makaniko aliyense amadziwa kuti wachibale sumusankhira galimoto. Ine Pyo ndinachita zoposa pamenepo. Ndinasankhira galimoto munthu amene anali asanakhale n'komwe wachibale.

Munthuyo ndi bambo Yeom, mkulu wa mpingo, mwini munda wa maapozi kuseri kwa phiri, amene mwana wawo Tae-ung ankafuna kukwatira mwana wanga Da-som. Atamva kuti bambo a mtsikanayo ali ndi garaja, anatumiza mawu oti ndiwapezere galimoto ya dizilo, yoyendapo kale koma yolimba. Tonse tinadziwa kuti amene akuyesedwa si galimotoyo. Ndinaifufuza, ndinailowa kunsi, ndinainunkhiza, kenako ndinawapatsa makiyi ndi manja awiri.

Tsiku limenelo ndinafunsa ngati tithire mowa wa mpunga pamatayala ndi kumanga nsomba youma ndi ulusi woyera, monga timachitira galimoto ikafika pakhomo, kuti maso a nsomba osatsinzinawo azilondera ngozi. A Yeom anandiyang'ana kuyambira kunsapato. Anandifotokozera, ataimirira padzuwa, kuti iwo zachikunja anazisiya ali mnyamata, ndipo kuti amamvera chisoni anthu oika moyo wawo m'manja mwa ndiwo. Ndinavomera ndi mutu mpaka khosi kuwawa.

Pasanapite nthawi galimoto inabwerera. Pamsewu wosalala inkayenda bwinobwino, koma ikangoyamba chitunda chopita kumunda kwawo inkafooka, nyale yachikasu n'kuyaka, n'kumakwawa mpaka mathirakitala kuipitirira. A Yeom sanakalipe. Anthu ngati iwo sakalipa. Anakonza tayi, n'kunena kuti iwo akamagula mbande amayamba ayang'ana munda umene yachokera. Kenako anawonjezera kuti chakudya cha Loweruka, pamene mabanja athu amayenera kukumana koyamba kuti akambe za ukwati, mwina chidikire kaye, aone mmene galimotoyi ithere.

Madzulo ake Da-som anandiikira mpunga patebulo osandiyang'ana. Bola akanandilalatira.

Pagarajayi tili awiri, ine ndi mnzanga Tak. Tak anakaphunzirapo za matebo ku Seoul, ndipo satifiketi yake ili mufelemu pamwamba pa wotchi, moti wofuna kudziwa nthawi amayamba walonjera kaye satifiketiyo. Analumikiza kompyuta kugalimoto, ndipo inati mpweya umene tebo imakankhira mu injini ukuperewera. Kompyuta sinama, koma ili ngati mboni yamantha: imanena chimene chachitika, wochitayo osamutchula.

"Tebo yafa iyi, achimwene," anatero Tak. "Mwawagulira maliro asewele anu."

Ndinamuuza kuti sanakhale asewele anga, ndipo ngati tebo yafadi sadzakhalanso. Galimoto yofa tebo itangogulidwa ndiye kuti wosankhayo ndi mbuli kapena wakuba, ndipo a Yeom akanasankha okha dzina londiyenera.

Tinayamba kufufuza. Tinatsegula paipi yaikulu, ndinagwedeza mapiko a tebo ndi chala, anali olimba, opanda mafuta otayikira. Tak anati ndiye kuti ndi sensa, kachipangizo koyeza mpweya. Tinaichotsa, tinaitsuka, tinaikapo ina, galimoto inakanabe chitunda pamalo omwewo, pafupi ndi manda. Tak anati iye ankadziwa kale kuti ndi kavavu kamagetsi kamene kamalamula tebo nthawi yoti ikankhe. Kavavuko kankagunda bwinobwino. Tinapopera utsi m'mapaipi aakulu kuti tione pothawira mpweya, sunatuluke paliponse. Tinakoka ndi pampu yapamanja kandodo kamene kamatsegula tebo, kanayenda ngati katsopano. Pagaraja chilichonse chinali chaulemu. Paphiri chilichonse chinkaiwala ntchito. Nthawi iliyonse Tak ankasintha maganizo, koma nkhope yodziwa zonse sanaisinthe.

Panali chinthu china chimene tonse tinachiona osachilabadira. Mphaka wa mayi Bong, ogulitsa supu pafupi nafe, amakonda kugona paboneti yofunda ya galimoto iliyonse. Pagalimoto iyi sankagona. Ankaizungulira, kulira, kukanda kumbali ya batire. Tak ankamugenda ndi chiguduli, n'kumati mphakayo alibe satifiketi.

Lachisanu masana ndinaganiza zotsatira ndi zala kapaipi kakang'ono ka labala kochokera pakavavu kaja kupita ku tebo, chifukwa china chotsala panalibe. Kapaipiko kamadutsa kuseri kwa batire, kumene diso silifika. Ndikumasula batire, a Yeom anatulukira ndi akazi awo kudzamva chigamulo. Anaima chapatali kuopa girisi, manja kumbuyo, ngati akuyendera ophunzira a Sande sukulu. Anafunsa ngati tapeza vuto kapena tikupitiriza kuphunzira.

Nditangonyamula batire, mphaka anandidutsa pamkono n'kulowetsa mutu m'dzenjemo. Anatulukamo akukoka mchira wa nsomba.

Inali nsomba yonse, youma gwa, kukamwa yasaa, maso ali tong'oo, yokulungidwa bwino ndi ulusi woyera. Womangayo anafuna pobisika, ndipo anapeza kapaipi kaja n'kumangirira ulusi pamenepo mfundo zamphamvu za mlimi. Pamalo osalala nsomba inkangolendewera. Galimoto ikaloza kumwamba, injini itatentha ndipo labala itafewa, nsomba inkagwera kumbuyo n'kupinda kapaipiko, tebo osamvanso lamulo. Inkalondera ngozi mokhulupirika, chifukwa galimoto yoyenda ngati ngolo siichita ngozi.

Tak anatsegula pakamwa, ndinamuponda phazi.

Amene analankhula ndi mayi Yeom. Anawerama, anaiyang'ana nsombayo, kenako ulusiwo.

"Bambo a Tae-ung, si nsomba yanga ya supu ija iyi? Ndinafunsa nyumba yonse. Munati mwina makoswe."

A Yeom anayang'ana wotchi, ndiye kuti anawerenga satifiketi ya Tak.

"Ulusinso ndi wanga," anatero mayiwo. "Makoswe a masiku ano amadziwa kumanga mfundo."

Ine mtima unakhala pansi. Tebo inali yamoyo, galimoto inali yabwino, ine sindinali mbuli kapena wakuba. Ndikanatha kuseka mpaka mawa. Koma ndinakumbukira kuti munthu amene wamuseka Lachisanu sakhala nawe pachakudya Loweruka. Ndinadula ulusi ndi kampeni, ndinawongola kapaipi, ndinabwezera batire, n'kunena ndi nkhope ya kumaliro kuti vuto linali kapaipi kopanikizika, zimene zimachitikira galimoto zambiri, ndipo tsopano latha. Nsombayo ndinailanda kwa mphaka, ndinaikulunga m'nyuzipepala n'kuiika pabenchi ngati sipanala.

Tinapita kukayesa, ine ndi a Yeom awiri. Galimoto inakwera chitunda chonse, inadutsa manda aja osatsokomola, nyale osayaka. Pamwamba anandiuza kuti ndiime. Anayang'ana minda yawo kwa kanthawi, n'kunena kuti msewu uwu uli ndi makona oipa, ndipo Tae-ung amayendetsa mothamanga, tsopano azidzanyamulanso mwana wa eni. Kenako anatsitsa mawu, ngakhale tinali awiriwiri paphiri.

"A Pyo, kodi m'galimoto muno muli malo ena amene chinthu chingakhale osakhudza mapaipi?"

Ndinawauza kuti kumbuyo, pansi pa tayala lapadera, kulibe paipi, kulibe waya, ndipo a mpingo sasuzumirako. Anagwedeza mutu ngati ndawauza mtengo wa feteleza.

Titabwerera pagaraja, a Yeom atangonyamuka ndi galimoto yawo, ndinapeza nyuzipepala ija yasowa pabenchi. Mphaka anali pomwepo, akuoneka ngati munthu woberedwa.

Loweruka tinakumana m'chipinda chamkati cha lesitilanti ya kudoko. A Yeom anapemphera pemphero lalitali, supu mpaka kuzizira, ndipo anatchulamo chitetezo cha pamsewu. Atamaliza ananditsanulira tiyi ndi manja awiri n'kunditchula asewele, mokweza kuti onse amve. Da-som anandiikira nyama m'mbale yanga, akundiyang'ana.

Tak mpaka lero amauza makasitomala kuti iye anakayikira kapaipi kaja kuyambira tsiku loyamba. Sinditsutsa. Koma mphaka wa mayi Bong akayamba kuzungulira galimoto, ndimaona kuti Tak amayamba wadikira kaye asanalumikize kompyuta.