Fifite Pulasi Wani ku Mirrabooka

A Ishmael Bwanali anali atayamba kale kuthokoza anthu, dzanja pachifuwa, pamene mayi Margreth Nyirenda anamenya tebulo.

"Khalani pansi, bambo! Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi."

Munali muholo ya tchalitchi ya ku Mirrabooka, imene bungwe la Amalawi a ku Perth linabwereka Loweruka limenelo. Pabolodi panali zotsatira za chisankho cha wapampando: a Bwanali mavoti 21, mayi Nyirenda 17, Kondanani 12. Ovota onse analipo makumi asanu.

"Ndikhale pansi chifukwa chiyani? Masamu akukuvutani?" anafunsa a Bwanali.

"Akuvuta inu. Malamulo athu akuti wopambana apeze majoriti. Theka la fifite ndi twente-faifi. Inu mwafikapo?"

"Majoriti ndi ambiri, basi! Twente-wani ndi seventini, chachikulu n'chiti? Ngakhale mwana wa sitandade wani angakuuzeni."

"Khoti la kwathu linagamula kale mu 2020. Oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti, nanena kuti majoriti ndi kuposa theka. Fifite pulasi wani! Si inu munavina mpaka kung'amba thalauzi tsiku limenelo?"

Anthu anaseka, koma sikunali kuseka kwa chikondi. Kenako maso onse anatembenukira kwa Patuma, mlembi wa bungwe, amenenso ankayendetsa chisankhocho. Anamusankha chifukwa ankaphunzira zamalamulo ku yunivesite. Tsoka lake linali lakuti a Bwanali anali malume ake, ndipo kwa zaka ziwiri ankagona m'chipinda cha kumbuyo kwa nyumba yawo osalipira lendi. Ndipo ku Perth chipinda sichitoledwa pamsewu ayi.

"Apa tingopita kwathu," anatero Kondanani akutola jekete lake. "Chibale ndi fupa, sichiwola. Mwana wa mlongo wawo angagamule zotani?"

Patuma anamva ukali ndi mantha nthawi imodzi. Anatsegula kabuku ka malamulo ngakhale ndime yachisanu ndi chinayi ankaidziwa pamtima. Njira yothawira inalipo, ndipo sinali yabodza: chigamulo cha khoti la ku Malawi chilibe mphamvu pa kabungwe ka ku Mirrabooka. Akanangonena zimenezo, nkhani ikanathera pomwepo.

A Bwanali anamuyandikira ngati akufuna kuona nawo kabukuko. Ankanunkhabe dizilo wa ku Kewdale, kumene ankayendetsa galimoto yonyamula katundu, chifukwa anabwera molunjika kuchokera ku ntchito.

"Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame," ananong'ona. "Uganize bwino kumene ugone lero."

Mawu amenewo ndi amene anamuwumitsa mtima. Anaimirira.

"Khoti la kwathu silingatilamule kuno, zimenezo n'zoona," anayamba, ndipo a Bwanali anamwetulira. "Koma malamulo awa tinawalemba mu 2021, chigamulo chija chitaperekedwa kale. Mawu akuti majoriti tinawatenga m'malamulo a dziko lathu tikudziwa tanthauzo lake. M'maminitsi a tsikulo mwalembedwa kuti amene anapempha zimenezo ndi a Bwanali. Palibe wafika 26. Tibwereza, pakati pa a Bwanali ndi mayi Nyirenda."

"Iwe Patuma! Ndinakulandira ndekha pa eyapoti ndi kasutikesi kothyoka zipi, lero ukundiwerengera maminitsi?"

"Pepani malume. Ndi mmene zalembedwera."

"Sukulu yakupengetsa! Mayi ako ndiwaimbira lero lomwe."

Mayi Nyirenda analuluta ngati apambana kale. Nawonso Patuma sankawakonda. Anali munthu wa pakamwa, wongooneka nthawi ya zisankho. Pamene mnyamata wa ku Dedza anamwalira pangozi ku Malaga, ku Perth komweko, amene anathamangathamanga ndi mapepala mpaka thupi linakwera ndege anali a Bwanali, osati iwo.

Patuma anadula timapepala tina makumi asanu n'kugawa. Anthu analemba mayina akuyang'anana ndi diso lofiira, ena akubisa ndi chigongono ngati ana pamayeso. Iye analemba lake pomaliza n'kuliponya m'katoni.

Anawerenga mokweza, Kondanani ataima pambali pake ngati wapolisi. Mayi Nyirenda 24. A Bwanali 26.

Otsatira a Bwanali anakuwa n'kugubuduza mipando. Mayi Nyirenda anatuluka akutukwana kuti pachitika zachinyengo. Eni ake opambanawo sanathokozenso munthu. Anapita molunjika patebulo la mlembi natambasula dzanja.

"Kiyi wa nyumba yanga. Katundu wako ukampeza pakhonde."

Patuma anavula kiyiyo pakamphete ka makiyi ake, chikhadabo chikupweteka, n'kuwapatsa. Sanawauze kuti pa fifite pulasi wani amene anawapambanitsayo, wani uja linali voti lake.